Ana aulumali aphunzire, ngakhale ali pakhomo

Belu la sukulu likalira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka, pali ana ena omwe sanyamuka nawo. Amatsala pakhonde, ena m'nyumba chotsekera, kudikira kuti anzawo aweruke. Awa ndi ana aulumali: osaona, osamva, ovutika kuyenda, odwala khunyu ndi ena omwe amachedwa kugwira zinthu m'mutu.

Ana oterewa si ochepa ayi. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'dziko muno, anthu pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kalembera yemweyo adawerenga anthu achialubino okwana 134,636. Choncho palibe mudzi, mpingo kapena msika m'chigwa cha Shire womwe unganene kuti nkhaniyi siikuukhudza.

Ku America ndi ku South Africa kuli mabanja achikhristu omwe amasankha dala kuphunzitsa ana awo kunyumba, ndipo malamulo a mayikowo amawalola kutero. Iwo amagula mabuku okonzedwa kale, amapeza maphunziro pa intaneti, ndipo amakhala ndi magulu othandizana. Banja la kwa Tengani kapena kwa Makhuwira lomwe mwana wake ali pakhomo silidasankhe. Lidangogonja chifukwa sukulu ili kutali, njinga ya olumala palibe, kapena mphunzitsi adanena kuti mwanayo sangamuthe. Kumeneko mwana ali pakhomo kuti aphunzire, pomwe kuno ali pakhomo chifukwa aliyense adamutaya mtima.

Komatu malamulo a dziko lino sakumutaya. Malamulo aakulu oyendetsera dziko amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Sukulu ya pulaimale idakhala yaulere m'chaka cha 1994. M'chaka cha 2009 dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations loteteza anthu aulumali, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidakhazikitsa kuti mwana aliyense azipita kusukulu ya pulaimale mokakamizidwa. Lamulo la anthu aulumali la 2012 lidalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2024, lomwe lidasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Pa pepala zonse zili bwino. Vuto lili pakati pa pepalalo ndi khomo la kalasi.

Aliyense wokhala m'chigwachi akudziwa zomwe zili pakatipo. Dzuwa la mwezi wa October ndi November limaposa madigiri 40, ndipo mayi wobereka mwana wa zaka 9 kumsana sangayende naye mtunda wautali tsiku ndi tsiku, kwinaku kumunda kwa thonje kapena mapira kukumudikira. Kulipira kabaza m'mawa ndi masana mwezi wonse ndi mabanja owerengeka omwe angakwanitse. Mwana akafika, amapeza kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa 100, chimbudzi chopanda polowera njinga, ndi mphunzitsi yemwe sadaphunzirepo chinenero chamanja kapena zilembo za Braille.

Pamwamba pa izi pali madzi osefukira. Mu January 2015, kenako ndi namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu March 2023, sukulu zambiri za ku Chikwawa ndi Nsanje zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi, zina zidagumuka. Madera a ku East Bank monga Makhanga adadukana ndi dziko lonse. Sukulu zidatsekedwanso miyezi ingapo mu 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo maphunziro a pawailesi omwe adalipo nthawi imeneyo sadapindulire mwana wosamva. Zikatere, mwana waulumali ndiye amayamba kusiya sukulu, ndipo ndi iyenso amatsirizira kubwerera, ngati abwerere n'komwe.

Izi zikutanthauza kuti kwa ana ambiri khomo ndilo kalasi yoyamba, ndipo kwa ena lidzakhala kalasi yokhayo kwa nthawi ndithu. Funso ndi lakuti, kodi pakhomopo pakuchitika maphunziro kapena mwana akungosungidwa?

Apa ndi pomwe mipingo iyenera kukumbukira mbiri yake. Maphunziro a ana osaona m'dziko muno sadayambe ndi boma. Adayamba ndi amishoni kumayambiriro a zaka za m'ma 1950, ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje lomweli. Maphunziro a ana osamva adayamba ndi mpingo wa Katolika ku Montfort, kwa Nguludi m'boma la Chiradzulu, m'chaka cha 1968, ndipo mpaka lero aphunzitsi a ana aulumali amasulidwa kumeneko. Anthu a m'chigwa cha Shire ali ndi chifukwa chonyadira kuti imodzi mwa sukulu zoyambirira za osaona idamangidwa kwawo. N'zomvetsa chisoni kuti zaka zoposa 70 zadutsa koma mwana wosaona wobadwira mtunda wochepa kuchoka ku Lulwe angathe kukula osagwirapo pepala la Braille.

Baibulo lomwe mipingoyi imalalikira silisowetsa mtengo wogwira pankhaniyi. Mu Yohane 9, ophunzira adafuna kudziwa yemwe adachimwa kuti munthu abadwe wosaona, koma Yesu adakana kuti sichinali chifukwa cha tchimo la iye kapena la makolo ake. Mu Marko 2, anthu anayi adanyamula mnzawo wofa ziwalo mpaka kusasula denga kuti afike pomwe padali thandizo. Mu 2 Samueli 9, mfumu Davide adaitana Mefiboseti, wolumala miyendo yonse, kuti azidya naye pamodzi. Mpingo womwe umawerenga nkhani zimenezi Lamulungu koma sudziwa kuti m'mabanja a akhristu ake muli ana angati omwe satuluka panja, uyenera kudzifunsa bwino.

Ntchito yoyamba ndi kuwerenga anawo. Miphakati ya Katolika, amayi a Mvano, a Dorika, magulu a achinyamata ndi aphunzitsi a Sande sukulu amalowa m'makomo omwe wogwira ntchito m'boma safikamo. Iwo angathe kulemba maina a ana omwe sali pasukulu, n'kukawapereka kwa mphunzitsi wamkulu, kwa mlangizi wa maphunziro wa m'deralo komanso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma. Mwana yemwe salembedwa paliponse sangaganiziridwe pogawa njinga, magalasi kapena ndalama za Mtukula Pakhomo.

Ntchito yachiwiri ndi kuthandiza makolo kuphunzitsa. Ambiri amaganiza kuti popanda mabuku okwera mtengo palibe chomwe angachite, koma zipangizo zambiri zili pakhomo pomwepo. Nthanga za malambe, zitsekerero za mabotolo ndi timiyala zimaphunzitsa kuwerengera. Makala ndi katoni zimalowa m'malo mwa choko ndi bolodi, ndipo zilembo zazikulu zakuda zimathandiza mwana woona movutikira. Zilembo zoumba ndi dongo kapena zomata ndi ulusi pa katoni mwana wosaona amazizindikira ndi zala, pokonzekera tsiku lomwe adzakumane ndi mphunzitsi wa Braille. Nyimbo za kutchalitchi, nthano ndi ndagi zimakulitsa mawu ndi kukumbukira.

Mwana wochedwa kugwira zinthu amafuna phunziro lalifupi, lobwerezabwereza, chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo makamaka m'mawa kusanatenthe. Kusamba yekha, kuvala, kudya ndi supuni, kuzindikira ndalama, kutchula dzina lake ndi la mudzi wake, zonsezi ndi maphunziro enieni. M'dera lomwe anthu amathawa madzi usiku, mwana wodziwa kutchula dzina la mayi ake ndi la mfumu yake savuta kumubwezera kwa abale ake akasochera pa msasa.

Kwa mwana wosamva, chofunika kwambiri n'chakuti banja lonse lizilankhula naye. Akulu ake, agogo ndi anzake osewera nawo aphunzire zizindikiro zamanja, azimuyang'ana kumaso polankhula, ndipo asamusiye kunja kwa macheza a pakhomo. Bungwe la anthu osamva la MANAD, la osaona la Malawi Union of the Blind, la makolo a ana aulumali la PODCAM komanso FEDOMA alipo kuti athandize pa zoterezi, ndipo mipingo ingathe kuwaitana kudzaphunzitsa akhristu ake. Bungwe lachikhristu la Torch Trust lakhala likufalitsa mabuku a Baibulo a Chichewa m'zilembo za Braille, ndipo masiku ano Baibulo lomvetsera limapezeka pa foni ya m'manja. Parishi kapena sesiyoni itasunga zipangizo zotere m'kabati imodzi n'kumabwereketsa mabanja, ndalama zake sizingapose zomwe zimathera pa mwambo umodzi wolandira alendo.

Nkhani ya chiyankhulo isaiwalike. Ana ambiri a ku Nsanje ndi madera ena a Chikwawa amakula akulankhula Chisena kapena Chimang'anja, pomwe mabuku a kusukulu ali m'Chichewa ndi Chingerezi. Mwana yemwe kuphunzira kumamuvuta kale asasenzetsedwe katundu wachiwiri. Ayambe m'chiyankhulo chomwe amamva kwa mayi ake, zinazo zibwere pambuyo. M'mera mpoyamba.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe ziyenera kunenedwa mosapsatira.

Choyamba, pemphero lisalowe m'malo mwa chipatala. Khunyu ndi matenda a muubongo, si ufiti kapena ziwanda, ndipo sapatsirana pogwira wodwalayo. Mankhwala ake akamwedwa mosadumphitsa ana ambiri amasiya kugwa n'kumaphunzira bwino. M'busa kapena mneneri wouza kholo kuti litaye mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro akuika moyo wa mwana pachiswe. Ulumali wina umayamba ndi malungo aakulu okhudza ubongo, kuvutika pobadwa, chikasu cha ana akhanda kapena mafinya a m'khutu osasamalidwa, ndipo zambiri mwa izi zimapeweka kapena kuchepa mwana akafika msanga kwa achipatala. Mapazi opindika chibadwire amawongoka chithandizo chikayamba mwana ali wakhanda, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chidatsegulidwa mu 2002, chimagwira ntchito yothandiza ana a mavuto a mafupa. Matenda a maso a trachoma adachititsa khungu anthu ambiri m'chigwa muno, koma mu 2022 bungwe la World Health Organisation lidalengeza kuti Malawi wawagonjetsa. Adawagonjetsa ndi mankhwala, maopaleshoni, madzi ndi ukhondo. Mpingo womwe udamanga zipatala za Trinity ku Muona ndi St Montfort ku Nchalo ukudziwa bwino kuti kupemphera ndi kupita kuchipatala sizitsutsana.

Chachiwiri, kuphunzitsa mwana pakhomo kusakhale chifukwa chomubisira. Kholo lina limati likuteteza mwana ku chitonzo pomwe likungobisa manyazi ake. Makolo a ana achialubino ali ndi mantha omveka chifukwa cha nkhanza zomwe zidakula kuyambira m'chaka cha 2014, komanso dzuwa la kuno lomwe limawononga khungu lawo. Yankho lake ndi chipewa chachikulu, zovala zamanja aatali, mafuta oteteza khungu, mpando wa kutsogolo m'kalasi ndi anthu odalirika omuperekeza, osati kumutsekera m'nyumba. Mwana amaphunzira zambiri posewera, pokangana ndi pogwirizana ndi anzake, zomwe ngakhale mayi wachikondi chotani sangamupatse ali yekha. Atsikana aulumali osiyidwa okha pakhomo makolo ali kumunda ndiwonso amagwa m'manja mwa anthu ankhanza. Maphunziro a pakhomo akhale mlatho wopita kusukulu ya mkombaphala, kusukulu ya pulaimale yoyandikana nayo, ku Lulwe kapena kumalo ophunzitsira ana osaona a pa Makande ku Ngabu.

Abambo nawo asathawe. Si zachilendo kumva kuti banja latha mwana waulumali atabadwa, mwamuna ndi abale ake n'kumaloza chala mkazi. Katundu yense amagwera mayi kapena agogo. Mafumu ndi akuluakulu a mpingo omwe amaweruza nkhani za mabanja ayenera kunena poyera kuti mwanayo ndi wa onse awiri, ndipo bambo wosiya udindo wake aziyankha kukhoti.

Boma nalo lisaone khama la makolo ndi mipingo ngati mpata wopumira. Ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021 idalonjeza kuti mwana waulumali aziphunzira pafupi ndi kwawo pamodzi ndi anzake. Kuti lonjezolo lioneke m'chigwa cha Shire, pakufunika aphunzitsi ambiri ochokera ku Montfort, okhala ndi njinga zamoto zoyendera sukulu ndi makomo. Sukulu iliyonse yomangidwanso pambuyo pa madzi osefukira ikhale ndi polowera njinga za olumala ndi chimbudzi choyenera, chifukwa kuika zimenezi pomanga n'kotchipa kusiyana ndi kudzagumula pambuyo. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, makhansala ndi aphungu aziuza anthu kuti ndi ndalama zingati zomwe zapita ku maphunziro a ana aulumali chaka chilichonse.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mpingo uliwonse m'chigwachi ungathe kuyamba Lamulungu likubwerali pofunsa kuti ndi mabanja ati ali ndi mwana yemwe sapita kusukulu, n'kusankha anthu awiri okamuyendera sabata yomweyo. Zimenezi sizifuna ndalama za mabungwe akunja kapena chilolezo chochokera ku Lilongwe.