Tisadikire Makompyuta Kuti Tiyambe Kuganiza

Ndapempha danga m'magazini athu ano kuti nditsutse dandaulo limene ndalimva kawirikawiri m'nyumba yathu yogonamo, makamaka usiku nyali zikazima. Anzanga amati ife ana a ku Neno sitingapite patali ndi maphunziro a makompyuta, popeza makinawo ndi ochepa ndipo wophunzira aliyense amawakhudza kanthawi kochepa chabe. Kusowako n'koona, ndipo ine sindikukana. Koma ndikuti nzeru yeniyeni imene ili m'kati mwa makinawo siifuna magetsi. Munthu angayambe kuiphunzira ndi choko, ngakhale ndi kamtengo pa dothi.

Pa tchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Chifunga, malume anandipeza ndikulemba mizere pansi pa mtengo wa mango. Anaima nandiyang'ana, ndipo anati, "Mphwanga, kodi ndalama tikugulitsira mbuzi zija n'zakuti uzisewera bawo wekha?" Ine ndinawapatsa mpando, ndipo ndinati, "Pepani malume, takhalani pansi mundithandize. Tiyerekeze kuti inu muli ndi chigayo cha magetsi. Kodi mungafune kuti chizilira nthawi yanji?" Iwo anaganiza nati chizilira magetsi akakhalapo, chivundikiro cha lamba chikakhala chotseka kuti chingadule munthu dzanja, ndiponso kiyi akalowetsedwa, kaya wa mwini chigayo kapena wa mnyamata wogayitsa. Pamenepo anali atanena masamu osadziwa.

Masamu amenewa anawalongosola George Boole, mwana wa munthu wosoka nsapato, wobadwira ku Lincoln m'dziko la England m'chaka cha 1815. Iye sanaphunzire ku yunivesite. Anayamba kuphunzitsa ana ali ndi zaka 16 kuti athandize makolo ake, ndipo masamu akuya anadziphunzitsa yekha m'mabuku, mpaka anakhala pulofesa ku Cork mu 1849. Mu 1854 anasindikiza buku lake la malamulo a kuganiza, m'mene anaonetsa kuti mawu akuti "ndi", "kapena" ndi "osati" angathe kuwerengeredwa monga manambala, ngati yankho la funso lililonse lili inde kapena iyayi, ndiye kuti 1 kapena 0. Panapita zaka zoposa 80 anthu ambiri akuyesa zimenezi masewera a anthu ophunzira, kufikira mu 1937 pamene mnyamata wa zaka 21, Claude Shannon, anaonetsa ku MIT m'dziko la America kuti maswichi a magetsi amamvera malamulo omwewo. Foni ili m'thumba mwa aphunzitsi, ndi makina otumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, zonsezo ndi maswichi ang'onoang'ono miyandamiyanda amene amayankhana inde ndi iyayi.

Tsono vuto nali. Chigayo cha malume chili ndi mafunso 4: magetsi, chivundikiro, kiyi woyamba, kiyi wachiwiri. Kuti titsimikize kuti waya walumikizidwa bwino, tingalembe tebulo la mayankho onse otheka, ndipo lidzakhala ndi mizere 16. Imeneyo si ntchito. Koma funso lililonse loonjezera limachulukitsa mizere kawiri. Mafunso 20 amabala mizere 1,048,576. Mafunso 30 amabala mizere yoposa 1,000 miliyoni, ndipo munthu woyesa mzere umodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osagona, angathe zaka 34. Kachipangizo kamene kali m'kati mwa kompyuta kali ndi mafunso ochuluka koposa pamenepo. Nanga wokapanga adziwa bwanji kuti sikalakwa?

Yankho lake ndi chithunzi chimene ndinali kulemba pa dothi chija. Aliyense wa ife anafikapo pa Zalewa, pamene woyenda amasankha njira ya ku Mwanza, ya ku Balaka kapena ya ku Blantyre. Tiyerekeze kuti funso lililonse ndi mphambano ya njira ziwiri, ina ya inde, ina ya iyayi, ndipo njira zonse zimathera m'midzi iwiri yokha, mudzi wa Lira ndi mudzi wa Khala Chete. Pa mphambano yoyamba tifunsa, kodi magetsi alipo? Ngati palibe, tilunjika kwa Khala Chete osafunsanso kanthu. Ngati alipo, tifika pa yachiwiri: kodi chivundikiro n'chotseka? Ngati iyayi, kwa Khala Chete komweko. Ngati inde, tifunsa za kiyi woyamba. Akakhalapo tafika kwa Lira, akapanda kukhalapo tifunsa za wachiwiri. Mizere 16 ija yasanduka mphambano 4.

Chithunzi chotere akatswiri amachitcha binary decision diagram. Maganizo ake anayamba ndi C. Y. Lee mu 1959, ndipo Sheldon Akers anawakuza mu 1978. Koma amene anachisandutsa chida chenicheni ndi Randal Bryant wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, m'chaka cha 1986. Iye anati mafunso azifunsidwa mu ndondomeko imodzi yosasintha pa njira iliyonse, ndipo chithunzicho chidulidwe ndi malamulo awiri. Loyamba, mphambano imene njira zake zonse ziwiri zikupita kumodzi ichotsedwe, pakuti funso lake n'lopanda pake. Lachiwiri, mphambano ziwiri zofunsa funso limodzi ndi kutumiza anthu kofanana ziphatikizidwe zikhale imodzi. Ndipo anatsimikiza ndi masamu kuti ukatero chithunzi chotsalacho chimakhala chimodzi chokha, ngakhale unayambira kutani.

Phindu lake lili apa. Malume anati magetsi, ndi chivundikiro, ndi kiyi uyu kapena uyo. Mmisiri wina angalumikize waya mwa njira yaitali: magetsi ndi chivundikiro ndi kiyi woyamba, kapena magetsi ndi chivundikiro ndi kiyi wachiwiri. Poona ndi maso mawaya awiriwa ndi osiyana. Koma tikajambula zonse ziwiri ndi kuzidula, zithunzi zituluka zofanana, ndipo tadziwa kuti mmisiri wachita chimene mwini chigayo anafuna. Zikasiyana, njira imene zasiyanirayo itilozera pamene pali cholakwa. Umu ndi m'mene opanga zipangizo amafananizira chimene anafuna ndi chimene ajambula, asanawononge chuma ku fakitale.

Chitsanzo china chinandisowetsa tulo. Ena mwaonapo nyali ya maswichi awiri, wina pa khomo ili wina pa khomo ilo, yoti ukakhudza aliyense nyali imasintha, yoyaka imazima, yozima imayaka. Tiyerekeze kuti m'nyumba yogonamo muli mabedi 30 ndipo bedi lililonse lili ndi swichi yotere. Tebulo lake ndi lija la zaka 34. Koma poyenda bedi ndi bedi sufunika kukumbukira za munthu aliyense. Ungokumbukira chinthu chimodzi, ngati maswichi otsitsidwa amene wawapitirira akwana awiriawiri kapena watsala mmodzi wopanda mnzake. Chotero pa bedi lililonse pafunika mphambano ziwiri zokha, kupatula loyamba limene lifuna imodzi, ndipo zonse pamodzi ndi 59. Zimenezo zingakwane pa bolodi la m'kalasi mwathu.

Ndisakunamizeni kuti chida ichi chimatha zonse. Ndondomeko ya mafunso ikalakwika chithunzi chimatupa. Tinene kuti pa mudzi pali mabanja 10, ndipo mfumu ifuna kudziwa ngati pali banja ngakhale limodzi limene bambo ndi mayi onse abwera ku msonkhano. Ukafunsa nyumba ndi nyumba, mphambano ndi 20. Ukayamba kuitana abambo onse, amayi pambuyo, uyenera kusunga m'mutu bambo aliyense amene wavomera, ndipo mphambano zifika 2,046. Komanso Bryant yemweyo anaonetsa mu 1991 kuti pa chipangizo chochulukitsa manambala chithunzi chimakula moopsa ngakhale usanje mafunso mwa njira iliyonse. Ndiye kuti ntchito idakalipo yoti ena aigwire, ndipo sindiona chifukwa chakuti enawo asakhale ife.

Wina adzati, kodi kalakwidwe kakang'ono m'makina kali ndi kanthu? Mu 1994 mphunzitsi wa masamu wa ku Virginia, Thomas Nicely, anaona kuti kompyuta yake ya Pentium ikulakwa pogawa manambala ena. Chinalakwika n'chakuti m'tebulo la m'kati mwa kachipangizoko munasowa manambala 5 okha. Kampani ya Intel inataya madola 475 miliyoni posinthira anthu zipangizozo, ndipo kuyambira pamenepo makampani analimbikira kutsimikiza zojambula zawo ndi masamu m'malo mongoyesa apa ndi apo. Safunsa anadya phula.

Wina adzatinso, m'Malawi muno zipangizo zotere timachita kugula kunja, nanga tivutikiranji? Ndiyankha kuti kujambula ndi kutsimikiza ndi ntchito ya mutu, ndipo mutu tili nawo. Ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa uinjiniya, ndipo wofika kumeneko atazolowera kale kuganiza motere sadzayamba ndi mantha. Ngakhale amene sadzapitirira Folomu 4 adzapindula. Pampu ya madzi yoyendera dzuwa iyenera kuima thanki likadzaza kapena chitsime chikaphwa. Makina a ku Nkula pa mtsinje wa Shire, amene akhala akupanga magetsi kuyambira 1966, ayenera kudzizimitsa pakachitika ngozi. Sitima ziwiri pa njanje yodutsa m'boma lathu lino siziyenera kupatsidwa njira imodzi nthawi imodzi. Zonsezi ndi mafunso a inde ndi iyayi, ndipo wina ayenera kuwasanja bwino. Kodi mpaka liti tidzaitana mlendo kuti adzatisanjire?

Chimene chindimvetsa chisoni n'chakuti ambiri a ife timayesa kuti kudziwa kompyuta ndi kutaipa kalata msanga ndi kutsegula Facebook. Zimenezo n'zabwino, koma wodziwa kukwera basi sitimutcha makaniko. Choncho ndikupempha mwaulemu aphunzitsi athu a masamu kuti atilole kukhala ndi kagulu kokumana Loweruka masana, ola limodzi lokha. Sitipempha ndalama, koma choko ndi bolodi. Aliyense azibwera ndi funso la kwawo, la chigayo, la pampu kapena la loko wa pa sitolo, ndipo ena tizilijambula ndi kulidula mpaka litachepa. Atsikana abwere, pakuti pa masamu a m'kalasi mwathu ena a iwo amatisiya kutali. A Folomu 1 abwerenso, chifukwa m'mera m'poyamba.

Malume aja anakhala nane kufikira dzuwa litapendeka. Potsiriza analoza ndi ndodo yawo nati, "Mphwanga, waiwala funso lina. Nanga mwana akaima pafupi ndi lamba?" Ndinaonjezera mphambano yachisanu, iwo nagwedeza mutu, napita kukatsekera mbuzi. Ngati munthu amene analekeza Sitandade 5 anapeza chosowa m'chithunzi changa tsiku limodzi lomwelo, ife ogona pa sukulu ndi kudya nsima ya makolo athu tilibe podzikanira. Amene afuna kulowa m'kaguluka andipeze pa tebulo la kumapeto m'chipinda chowerengera, ndipo abwere ndi pensulo yake.

Wophunzira wa Folomu 3, wa ku Chifunga