Mtengo wa Khirisimasi tidzale tokha

Disembala akafika, mitengo ya paini ndi mkungudza imaona zakuda. Anthu amasadza nthambi zake, ena kudula nsonga yeniyeniyo, kuti akakongoletse m'matchalitchi ndi m'nyumba. Pofika Januwale nthambizo zili kudzala, mtengo watsala wopunduka. Amene ali ndi kangachepe amakagula wapulasitiki m'tauni. Ine ndikuti tidzale wathuwathu pakhomo.

Mwambowu unayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1500. Kumeneko Khirisimasi imagwa m'nyengo ya chisanu choopsa, pomwe munthu sangadzale kanthu. Ife tili ndi mwayi, chifukwa yathu imabwera ndi mvula, ndipo nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo.

Ntchito yake si yovuta. Pezani mbande ku ofesi ya zankhalango kapena kwa anthu ofesa mitengo m'dera lanu. Kumbani dzenje la masentimita 45 kuya ndi m'lifupi momwe, musakanize dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana bwino. Manyowa osawola amaitana chiswe. Ng'ambani chubu mosamala kuti dothi lisayoyoke kumizu. Dzenjelo litalikirane ndi nyumba, poti paini akakula amapitirira mamita 20. Mukadzala tchingirani ndi minga kapena nsungwi, mbuzi sizidziwa Khirisimasi.

Kuti mtengo ukhale wotambalala pansi, wosongoka kumwamba, muzidulira nsonga za nthambi zam'mbali kamodzi pachaka, koma nsonga yapakati musaikhudze. Pakatha zaka 3 kapena 4 umakhala utafika msinkhu wa munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukafika pamenepo ukongoletseni pomwe waimapo, ana amangirire mabaluni ndi timapepala tawo panja pomwepo. Wofuna wa m'nyumba adzale m'chidebe chobooledwa pansi, aulowetse kwa masiku ochepa okha, kenaka aubwezere padzuwa.

Paini amakonda malo okwera ndi ozizira monga Dedza, Zomba, Mulanje ndi Chikangawa. Abale a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja musataye ndalama, sangakule bwino. Dzalani ndimu kapena mango. Mabaluni adzakhalapo chimodzimodzi, zipatso n'kudyanso. Tikumbukirenso kuti mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, choncho umenewo ndi wodzala, osati wothyola.

Kusukulu komwe ndimaphunzitsa ndaona kuti mbande zodzalidwa ndi gulu pamwambo zimauma msanga, poti mwini wake palibe. Koma mbande yomwe mwana wauzidwa kuti ndi yake amaithirira ngakhale mu Okutobala, madzi akuvuta pamjigo. Mapiri athu ameta mpala chifukwa cha makala, ndipo mwana wotere akadzakula adzayamba waganiza kaye asananyamule nkhwangwa.

Makolo, pa ndalama ya mpunga ndi nkhuku chaka chino, patulanipo ya mbande imodzi. Muipereke m'manja mwa mwana, akadzale yekha.