Mlandu wa panyanja ufuna mboni zambiri

Munthu akaphedwa pamudzi, mwazi umaoneka pansi ndipo anansi amamva kukuwa. Panyanja yaikulu sizitero. Madzi sasunga mapazi, ndipo nkhani yonse imafika kumtunda kudzera pakamwa pa anthu ocepa. Cimene cinacitika pa combo ca ku Italy cochedwa Achille Lauro cisonyeza bvuto limeneli.

Pa 7 Okutobala 1985, anyamata anai a gulu la Palestine Liberation Front analanda comboco ndi mfuti citacoka pa doko la Alexandria ku Egypt. M'mawa mwace anaombera nkhalamba ya ku America, Leon Klinghoffer, wa zaka 69, amene anali kuyenda pa mpando wa olemala, ndipo mtembo unaponyedwa m'madzi.

Koma dziko linayamba kumva zina. Woyendetsa combo, Gerardo De Rosa, analankhula pa wailesi kuti anthu onse anali bwino. Boma la Egypt linadalira mau amenewo, ndipo pa 9 Okutobala linalola acifwambawo kutsika ku Port Said popanda kuwamanga. Atacoka iwo, mpamene De Rosa anaulula za imfayo. Iye anali munthu woyenera kudziwa zoona, koma poyamba paja analankhula mfuti ziri pafupi.

Pa 10 Okutobala ndeke za nkhondo za America zinakakamiza ndeke ya Egypt imene inanyamula anyamatawo kutera ku Sicily, m'dziko la Italy. Ngakhale zinatero, mkangano sunathe. Farouk Kaddoumi, mmodzi wa atsogoleri a PLO, anakana kuti anyamatawo anapha munthu, ndipo pambuyo pace ananamizira mkazi wa womwalirayo. Kaddoumi sanali pa combo, ndiponso anali ndi mbiri ya anthu ace yoti aiteteze.

Cimene cinadula mlandu ndi mtembo. Patapita masiku ocepa madzi anaulabvulira ku gombe la Syria, ndipo madokotala a ku Rome anapeza mabala a zipolopolo. Umboni umenewu unagwirizana ndi zimene apaulendo ndi anchito a m'combo ananena. Mu 1986 bwalo la milandu la ku Genoa linalamula kuti Majed al-Molqi, amene anaombera, akhale m'ndende zaka 30.

Tsono womvera wailesi kapena wowerenga nyuzipepala ayenera kucita monga mfumu yanzeru pabwalo. Afunse ngati wolankhulayo anaona ndi maso, ngati analankhula mwaufulu, ndiponso cimene apindula anthu akamkhulupirira. Kenaka adikire mboni yaciwiri imene sinapangane ndi yoyamba. Udindo waukulu wa wolankhula sutsimikiza kuti mau ace ngoona.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kuthamangira mau oyamba kunapatsa opha munthu njira yothawira, ndipo mkazi wamasiye anasenzetsedwa bodza pamwamba pa maliro.