Fumbi la mu Mlalang'amba

Kuno kwa Njombwa, usiku wa mu Julaye kukakhala kopanda mwezi, Mlalang'amba umaoneka bwino zedi. Mukauyang'anitsitsa muona mawanga akuda pakati pake. Si mabowo ayi, ndi fumbi, ndipo fumbi limeneli linachititsa manyazi akatswiri a zakuthambo mu 2014.

Akatswiriwa amasaka kuwala kwakale kuposa kwina kulikonse, komwe kunanyamuka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 380,000 zokha. Maso sangakuone chifukwa kumafika ngati mafunde a wailesi. Arno Penzias ndi Robert Wilson ndiwo analengeza za kuwalaku mu 1965. Lero chomwe chikufunika ndi kudziwa mbali yomwe mafundewo agonera. Mlimi akapeza chimanga chagonera kumadzulo amadziwa komwe mphepo inachokera. Nawonso akatswiri amati akapeza kagonedwe kozungulira, ngati ka kamvuluvulu, udzakhala umboni woti chilengedwe chinafufuma mwadzidzidzi pachiyambi penipeni.

Telesikopu ya ntchitoyi siifunika kukula. BICEP2 inali ndi diso la masentimita 26 basi, ngati mbale ya nsima. Anakaiika ku South Pole chifukwa mpweya wakumeneko ndi wouma gwaa, pomwe chinyezi chimasokoneza mafundewa. Zida zake zomvera anaziziziritsa kupitirira madigiri -272, ndipo ankaitembenuzatembenuza kuti adziwe ngati kagonedweko n'kochokera kumwamba kapena m'makina momwemo.

Mu Malichi 2014 analengeza kuti kamvuluvulu uja amupeza. Chaka chisanathe, atafananitsa ndi zomwe setilaiti ya Planck inayeza, zinadziwika kuti fumbi la mu Mlalang'amba nalonso limatulutsa kuwala kogonera chomwecho. Vuto linali loti BICEP2 inkamvera pa 150 GHz pokha. Wosankha fodya madzulo, m'chigafa mwamdima, amasakaniza magiredi ngakhale atakhala katswiri wotani.

N'chifukwa chake matelesikopu atsopano, monga a Simons Observatory ku Chile, amamvera pa mafunde osiyanasiyana, poti fumbi limawala kwambiri pa ena kuposa pa ena. Ku Karoo, ku South Africa, kuli dishi ya C-BASS yomwe imamvera pa 5 GHz. Iyo siyifuna kamvuluvuluyo. Imangolemba mapu a phokoso lina la Mlalang'amba, lochokera ku maelekitironi, kuti anzawo adzathe kulichotsa. Ntchito yotere siimveka pawailesi, koma kwa ine ndiyo ikuyenera ndalama poyamba.

Kamvuluvulu wa pachiyambi uja mpaka pano sanapezeke.