Wozemba msonkho amabera mnzake wa pamsika

Tsiku la msika pa Malomo m'boma la Ntchisi, mayi wogulitsa tomato kapena usipa asanagulitse n'komwe mulu umodzi, wotolera ndalama wa khonsolo amakhala wafika kale ndi matikiti m'manja. Mayiyo amalipira. Akagula mayunitsi a foni, paketi ya shuga kapena lata limodzi lofolera nyumba, amalipiranso msonkho wa VAT umene uli kale mumtengo wa katunduyo. Mlimi wa fodya wa m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa naye, mabelo ake akagulidwa ku okushoni ya Kanengo kapena Chinkhoma, ndalama imamupeza atadula kale zodula. Mphunzitsi wa kupulayimale amalandira malipiro msonkho utachotsedwa. Anthu onsewa alibe pothawira.

Koma m'misika ngati umenewu, nyengo yokolola ikafika, mumabweranso ogula soya, mtedza ndi chimanga pamalole. Ena mwa iwo amayendetsa mamiliyoni m'zikwama, salemba paliponse ndipo bungwe lotolera misonkho la MRA silidziwa kuti aliko. M'mashopu ena akuluakulu m'mizinda, wogula amafunsidwa ngati akufuna mtengo wa lisiti kapena wopanda lisiti. Uku ndiye kuzemba msonkho: kubisa phindu, kunama pakalata ya katundu pachipata cholowera m'dziko, kapena kutolera VAT kwa wogula n'kuiika m'thumba. Malamulo amati umenewu ndi mlandu, ndipo palibe angautsuke.

Pali njira ina imene imavala suti. Iyi ndi yolambalala msonkho popanda kuphwanya lamulo lililonse. Kampani imalemba ntchito akadaulo a zamalamulo ndi owerengera ndalama kuti afufuze mipata m'malamulo ndi m'mapangano a pakati pa maiko, kenaka phindu n'kulidutsitsa momwemo. Apolisi sangamange munthu pa zimenezi. Funso n'lakuti, kodi chilichonse chimene sichimangitsa munthu ndiye kuti n'chabwino?

Nkhani ya mgodi wa Kayelekera ku Karonga ikuyankha funsoli. M'chaka cha 2007 boma lidasainirana mgwirizano ndi kampani ya Paladin ya ku Australia kuti ikumbe miyala ya uranium, ndipo mgodiwo udatsegulidwa mu 2009. Pamgwirizanowo, gawo limene boma limayenera kulandira pa miyala yogulitsidwa lidatsitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti kwa zaka zitatu zoyambirira, kenaka 3 peresenti. Kuonjezera apo, chiwongoladzanja cha ngongole ndi malipiro ena amene kampaniyo inkatumiza kunja zinkadutsira kunthambi yake ya ku Netherlands, dziko limene linali ndi pangano la misonkho ndi Malawi. Potero, msonkho umene ukadadulidwa ndalamazo zisanatuluke m'dziko muno sudadulidwe.

Mu 2015 bungwe la ActionAid lidatulutsa lipoti loti m'zaka 6 dziko la Malawi lidaluza ndalama zoposa 43 miliyoni ya madola a ku America kudzera m'njira ziwirizi. Bungwelo lidati ndalama zimenezi zikadatha kulipira anamwino 17,000 kwa chaka chathunthu. Kampani ya Paladin idakana kuti idalakwa ndipo idati zonse idachita motsata malamulo komanso mgwirizano umene boma lidavomera lokha. Pamenepo kampaniyo siidaname. Koma mayi wapakati amene amadikira tsiku lonse pachipatala cha Malomo chifukwa anamwino ndi ochepa, sapepukidwa pomva kuti ndalama zidatuluka m'dziko mwalamulo. Kwa iye zotsatira zake n'zofanana ndi za wozemba msonkho wamba.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Msonkho umene wina wazemba kapena kulambalala suthera m'malere. Boma likaona kuti thumba laperewera limakweza msonkho kwa amene sangathawe, limabwereka ndalama zimene ana adzabweze, kapena limachepetsa mankhwala, mabuku ndi feteleza wotsika mtengo. Njira zonse zitatuzi zimagwera munthu wa kumudzi. Wozemba msonkho amaganiza kuti wachenjerera boma, chonsecho wasenzetsa katundu wake mayi wa tomato uja. Lole yake imayenda mumsewu wa Kasungu-Nkhotakota umene umadutsa pa Malomo, katundu wake akabedwa amathamangira kupolisi, antchito ake adaphunzira m'sukulu za boma. Kudya nawo nsima koma nthawi yosonkha ufa n'kubisala kuseri kwa nkhokwe, kumudzi kulikonse munthu wotere ali ndi dzina lake.

Komabe sichingakhale chilungamo kunyalanyaza zifukwa zimene Amalawi ambiri amadanirana ndi msonkho. Msonkho udafika m'dziko muno ndi chikwapu. Atsamunda adayambitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890 nthawi ya bwanamkubwa Harry Johnston, ndipo udakakamiza amuna kukagwira ntchito m'minda ya azungu ndi m'migodi ya kunja kuti apeze ndalama yolipirira. Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, msonkho wa mutu udapitirira kwa zaka zambiri, ndipo akuluakulu akukumbukirabe amuna akuthawira kutchire amesenjala akalowa m'mudzi. M'masiku amenewo wothawa msonkho ankaoneka ngati ngwazi.

Chilonda china n'chaposachedwa. Mu 2013 kudaululika kusolola kwa ndalama za boma ku Capital Hill kumene kudatchuka ndi dzina loti Cashgate. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho. Makampani ena adalipidwa popanda ntchito imene adagwira. Oswald Lutepo adagamulidwa kukakhala kundende zaka 11 mu 2015 pamlanduwu. Munthu akamva zotere ali ndi ufulu kufunsa kuti athirirenji madzi mumtsuko wobooka.

Funsolo n'lomveka, koma yankho lake si kuzemba msonkho. Akuba a ku Capital Hill adaba za anthu, ndipo wozemba msonkho akubera anthu omwewo kachiwiri. Cashgate itaululika, maiko ndi mabungwe othandiza adaimitsa thandizo lawo la mubajeti, ndipo dziko lidatsala likudalira kwambiri zimene MRA imatolera. Malomo lenilenilo lidakwezedwa ndi ndalama zakunja: ndi limodzi mwa malo anayi, pamodzi ndi Jenda, Monkey Bay ndi Chitekesa, amene adatukulidwa ndi thandizo la African Development Bank. Alendo angamange msika, koma kuusesa, kukonza zimbudzi zake ndi kulipira namwino ndi ntchito ya eni dziko. Mtsuko ukabooka amaumata, sasiya kutunga madzi.

Choncho udindo uli mbali zitatu. Amalonda akuluakulu, a m'dziko muno ndi akunja omwe, asamadzitonthoze ndi mawu akuti lamulo likulola. Kampani imene imapeza phindu m'nthaka ya Malawi ilipire gawo lake m'Malawi. Kupereka mipira ndi mabuku ochepa kusukulu pamaso pa atolankhani sikulowa m'malo mwa msonkho.

Boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo atseke mipata imene iwo eni adatsegula. Pangano lakale la misonkho ndi Netherlands lidathetsedwa ndipo latsopano lidasainidwa mu 2015, umene ndi umboni woti zinthu zimatheka. Migwirizano yonse ya migodi, kuphatikizapo ya Kayelekera imene tsopano ili m'manja mwa kampani ya Lotus Resources, iyenera kuikidwa poyera kuti anthu aone zimene boma lakhululukira ndi chifukwa chake. Bungwe la MRA, limene lidayamba ntchito mu 2000, lisamaonetse mphamvu pa mayi wobwera ndi chikwama chimodzi cha zitenje pachipata cha Mchinji pomwe malole a anthu odziwika akudutsa osasechedwa. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndi makoswe oterewa amene akugwetsa mphwayi olipira msonkho mokhulupirika.

Nzika nazo zili ndi gawo lawo. Wogula afunse lisiti. Wolipira tikiti ya pamsika afunse khansala wake kuti khonsolo ya Ntchisi yatolera zingati mwezi uno ndipo zagwira ntchito yanji, ndipo ziwerengerozo zimatidwe pachikwangwani cha pamsika pomwepo. Atsogoleri a mipingo, amene amadzudzula kuba nkhuku ndi mbuzi, adzudzulenso kuba kumeneku ngakhale wochitayo akhale amene amapereka chopereka chachikulu.

Mayi wa tomato pa Malomo akwaniritsa kale mbali yake, tsiku lililonse la msika, asanadye n'komwe. Amene ali ndi zambiri kuposa iye alibe chifukwa chomveka choperekera zochepa.