Tochi ya kuchipatala cha maso si masewera

Amayi ndi abambo a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndimamva ena mukudandaula kuti mwatsika phiri lonse lija, koma kuchipatala angokutseketsani diso, kukuwalitsani tochi, osakupatsani mankhwala odontheza. Ine ndikuti tochi imeneyo ndi yofunika kuposa botolo.

Si kusaona kulikonse kumene kuli ng'ala. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala kotchedwa retina, ndipo pamenepo pamachoka mtsempha wopita ku ubongo. Chimodzi mwa ziwirizi chikadwala, diso limaoneka labwinobwino kunja, koma chithandizo chake n'chosiyana. Tochi ija imathandiza kudziwa kumene kuli vuto. Akaichotsa pa diso labwino kupita pa lodwala, kamwana ka diso n'kukula m'malo mochepa, nthawi zambiri ndi mtsempha umene ukulephera kunyamula uthenga.

Inunso mutha kuyesa pakhomo. Phimbani diso limodzi ndi chikhatho muyang'ane tomato wakupsa, kenako musinthe. Ngati kwina ndi wofiira koma kwina watuwa ngati chitenje chosuluka, ganizirani mtsempha. Ndiye yang'anani felemu ya chitseko. Ikaoneka yokhotakhota, kapena mukathobwa ndi kuwala n'kutenga nthawi yaitali musanayambenso kuona bwino, kawirikawiri ndi retina. Matenda a shuga amaononga kumeneko. Nayenso mwana wosowa vitamini A amayamba kupunthwa kukangoda, masana akusewera bwinobwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi odwala TB. Mwa mankhwala anayi oyambira aja muli ethambutol, amene kwa ena amavulaza mtsempha wa diso, makamaka kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Vutoli limatha kugwira maso onse awiri, ndiye musadikire kuti diso lina lisiyane ndi linzake. Mitundu ikangoyamba kuzimirira, pitani tsiku lomwelo kumene mumalandira mankhwala mukanene. Zikadziwika msanga maso amatha kubwerera, koma mukachedwa mtsempha wakufa sudzukanso.

Magalasi ogula pamsika pa Mponela sakonza retina kapena mtsempha, ndalama ya soya ingopita. Yambirani kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, mukafotokoze ndendende zimene mwaona: diso liti, linayamba liti, mukumwa mankhwala anji. Akakutumizani ku Nkhoma kapena ku Lions Sight First pa Kamuzu Central ku Lilongwe, musadikire kuti mukolole kaye.