Ulaliki wa ku Khomo la Kuseri

Pa 29 December 1991 mtsogoleri wa dziko, Frederick Chiluba, analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'malamulo akulu a dziko. Koma munthu wosapembedza sawerenga malamulo; iye apenya m'mene Mkristu acitira ndi wanchito wace.

Ufulu usanadze mu 1964, Kabulonga anali malo a Azungu, ndipo wanchito wakuda anali kugona m'kanyumba ka kuseri. Lero eni nyumba ambiri ndiwo ana a dziko lino, ena ndi akulu a mpingo, koma kanyumba kaja kali comweco, ndi mbale yace yapadera. M'mamawa amai a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere ayenda pansi kudzacapa ndi kulera ana m'kati mwa mipanda. Mai wotere adziwa cimene mbusa sacidziwa: kuti dona woimba mokweza m'calici, mwezi ukatha ati, "Ndalama zabvuta, uyambe wadikira." Cakhumi capita kale, koma mwana wa wanchito wagona ndi njala.

Ena adzati cikhulupiriro ndi ca mumtima. Nanga mlonda wa pa cipata, wocezera m'cisanu ca June wopanda ngakhale kapu ya tiyi, adzauona bwanji mtimawo? Mu 2011 Boma linaika lamulo la malipiro a anchito a m'nyumba. Ncamanyazi kuti nyumba zina zopemphera usiku uliwonse zinadikira lamulo limenelo, ndipo zina sizililabadira kufikira lero.